Chiguduli cha mkazi mnzanga

Wongola msana kaye, iwe. Ukamalemba chopindika choncho udzakalamba ngati ine, maso pansi ngati wataya singano. Eya, choncho. Tsono poti wandifunsa chifukwa chake ndimakhalira chiguduli chopinda pomwe mipando ili m'nyumbamo, lemba za mkazi mnzanga. Dzina lake usalembe. Adzukulu ake alipo, ndipo amawerenga.

Ine ndinali woyamba, uyambe ndi zimenezo. Asekulu ako, amuna anga aja, anandilowola ndi ng'ombe kuchokera kwathu kumalire a Kasungu, n'kundibweretsa kumudzi kwawo, kumwera kwa boma la Mzimba kuno. Chitumbuka ndinachiphunzirira pamtondo, anzanga akundiseka. Nthawi imeneyo paini wa ku Chikangawa kunalibe, mapiri anali udzu wokhawokha, mphepo yachisanu inkatsika kumeneko popanda choitchinga, kumaluma m'makutu. Boma lenilenilo linali nyumba zowerengeka: kwa mzungu wa msonkho, ndende, kachipatala, ndi masitolo a amwenye ofolera malata. Asekulu ako anali telala pakhonde la sitolo imodzi. Makina anaphunzira kwa amishoni, koma atatenga mkazi wachiwiri akulu ampingo anawaletsa mgonero. Iwo osadandaula n'komwe. Wodandaula ndinali ine.

Mkaziyo anali wowonda, khosi lalitali ngati la kakowa, wosayankhulayankhula. Anabwera ndi mphumu. Akalima mzere umodzi ankaima, manja m'chiuno, chifuwa chikulira ngati mvukuto wa osula makasu. Ndiye banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti wodwalayo azikakhala ku boma pafupi ndi chipatala, aziphikira mwamuna m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, wamphamvune nditsale kumudzi ndizilima ndi apongozi anga aakazi. Waona? Mphamvu zanga zomwe ndi zimene zinandimana boma. Ndipo ine boma ndinkalifuna, sindibisa. Ndinkafuna sopo, tiyi wa shuga, tizidutswa ta nsalu totsala pa makina. Koposa zonsezo ndinkafuna kugona komwe mwamuna wanga akugona. Kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo, pakagwa maliro kapena ng'ombe ikadwala.

Ufa wa ku boma ndinkasenza ndine. Kunyamuka kusanache, kukafika dzuwa litapendeka, khosi litauma. Ulendo wina ndinagona komweko, ndipo m'mawa podzuka ndinapeza moto sunakolezedwe, mwini khitchini palibe. Ndinati eya, ulesi wa ku boma ndi umenewu. Kuseri kwa sitoloyo kunali kabwalo kotchingidwa ndi mpanda wa bango, mokhala amayi ake a mmwenye mwini sitoloyo, nkhalamba yaing'ono ya tsitsi loyera. Banja limenelo silinali lachisilamu ngati amwenye ena aja, iwowa nyama sankadya, ngakhale dzira. Ndinamva kuti m'kabwalomo muli anthu koma muli zii. Ndinasuzumira pa bango.

Anali awiri, nkhalambayo ndi mkazi mnzanga, atayang'ana kotulukira dzuwa. Aliyense anakhala pa chiguduli chopindapinda, osati pakati pake ayi, chakumphepete. Miyendo anaipingasa, mawondo atagwera pansi uku ndi uku. Manja pamawondo. Mapewa atatsika, chibwano chitalowa pang'ono, maso otseka, pakamwa potseka. Koma msana, mdzukulu wanga. Msana uja unali woongoka kuchokera pa chiguduli mpaka paliwombo, wosaumitsa ngati wa msilikali pa perete, koma wongoima wokha ngati palibe akuugwira. Kenako onse anakweza dzanja lamanja, kutseka mphuno imodzi ndi chala chachikulu, kukoka mpweya pang'onopang'ono, kutseka inayo, kutulutsa. Mimba yake inkatuluka n'kubwerera. Ndinatchera khutu kufuna kumva mvukuto uja. Unalipo, koma patali, kakang'ono.

Nditacheuka ndinapeza asekulu ako aima kumbuyo kwanga ndi kapu ya madzi otsukira m'kamwa, nawonso akusuzumira. Sanachite manyazi. Anangonena chapansipansi kuti, "Taona mmene wakhaliramo. Ngati bango la m'dambo kulibe mphepo."

Ine zaka zonse zimene ndinakhala nawo, chiyamikiro chimene ndinamvapo m'kamwa mwawo chinali chakuti mkazi wanga uyu amalima ngati amuna awiri. Ankanena kwa alendo, akuloza nkhokwe. Bango la m'dambo ayi. Mawu amenewo anandikhala pamtima ngati mbatata yosapsa.

Masana ake tikusankha nyemba ndinamufunsa, mochita ngati sindikusamala. Iye ankanditchula kuti akulu, ndipo ulemu anali nawo, izo sindinganame, ngakhale ulemuwo unkandipsetsa mtima. Anandiuza kuti nkhalambayo inamumva akubanika tsiku lina, n'kumukodola. Chinenero sankamvana, ankaphunzitsana ndi manja. Akuti ukakhala wopindika chifuwa chimapanikizika ngati thumba lomangidwa pakati, mpweya umathera pakhosi. Akuti chigudulicho ntchito yake n'kukweza matako kuti apose mawondo, mawondo akatsika msana umadzuka wokha. Uyenera kukhala usanadye, mpweya uzilowa ndi kutuluka m'mphuno mokha, osaukakamiza. Ndinamufunsa ngati sakupembedza milungu ya eni ake. Anati nkhalambayo imang'ung'udza zake poyamba, iye amangokhala chete, nthawi zina amaganiza nyimbo ya kutchalitchi.

Pobwerera kumudzi ndinapatuka panjira, pamthunzi wa muwanga, kuti ndiyese. Ndinakhala pansi, n'kupingasa miyendo. Mawondo anga anakwera m'mwamba mpaka kufuna kundigunda m'makutu. Kuti ndiwakankhire pansi, msana unapindika. Kuti ndiwongole msana, ndinagwa chagada ngati chule. Ine amene ndinkasenza mtsuko wodzaza kuchokera kudambo osagwirira, dontho osagwa. Ndiye ndinati ayi, kamkazi kodwala kaja sikangandipose ndi thupi lokha. Chinthu chili m'chiguduli.

Usaseke. Ganiza monga mmene tinkaganizira ife. Chiguduli chimenecho sankaikamo ufa, sankapukutira mapazi. Akatha ankachikung'untha, kuchipinda bwinobwino, kuchiika pamwamba pa mtanda wa denga. Munthu kudzuka m'mamawa asanalankhule ndi wina aliyense, asanalawe kanthu, kukakhalira chinthu chobisika, atayang'ana kum'mawa, atatseka pakamwa, akudzigwira mphuno. Ndiyeno mwamuna n'kumaima pampanda ngati mbuzi yoona mchere. Kwathu zimenezo zinali ndi dzina limodzi, kondaine. Mayi aliyense wa m'mudzi mwathu akanakuuza chimodzimodzi.

Nditafika ndinakatula nkhaniyi kwa apongozi aakazi. Anali mayi wamfupi, wokonda fodya wa m'mphuno, wodandaula msana chaka chonse. Ndinawauza ziwiri. Choyamba, mkamwana wawo akukhala ngati mwamuna, mawondo uku ndi uku, mutu m'mwamba. Paja kuno mkamwana, mkazi wa mwana wako, amakhala miyendo pamodzi, atapindira kumbali kapena atatambalala, mutu woweramitsa, makamaka apongozi aamuna akakhala pafupi. Chachiwiri, chiguduli. Sindinawonjezere kanthu, ndinanena zimene maso anga anaona. Mumtima ndinkati akamva zimenezi amuchotsa ku boma, akhale pano pamaso pawo, ndipo kachipinda kaja kadzafuna wophika.

Apongozi anafwenthera fodya, n'kunena kuti mbwenu, abwere nacho chigudulicho tichione.

Anabwera nthawi yokolola. Mlanduwo unali wa akazi okhaokha, kuseri kwa nkhokwe, apongozi aamuna atapita kukhola. Tinalipo atatu basi. Apongozi anatambasula chiguduli, kuchikutumula, kuchiyang'anitsa padzuwa, kupapasa m'makona monse. Anatenga minga n'kumasula msoko wa pansi. Munalibe chithumwa, munalibe muzu, ngakhale tsitsi. Anachinunkhiza, n'kunena kuti chikununkha mchere. Ine ndinati mwina mankhwalawo anachita kunyika. Anandiyang'ana, kenako anauza mnzangayo kuti akhale mmene amakhalira, aone.

Iye anayamba wagwada n'kuwomba m'manja, kupepesa kuti akhala mosayenera pamaso pawo. Anapinda chiguduli, n'kukokera nsalu yake pakati pa miyendo, kuphimba mawondo onse mpaka kumapazi, moti panalibe chooneka. Zimenezo pa bango paja sindinaziyang'ane, maso anga anali pa msana. Anakhala. Anatseka maso. Ndipo pomwepo, pakati pa makoko a chimanga ndi zitosi za nkhuku, msana uja unadzukanso. Ndinkayembekeza kuti kunja kwa mpanda wa mmwenye zikanika. Sizinakanike.

Apongozi anamuzungulira. Anapita kukatenga kamphika ka madzi, n'kumuika pamutu popanda nkhata. Kamphika kanakhala. Iye akupuma, mimba ikutuluka n'kubwerera, madzi osagwedezeka.

"Uku n'kusenza madzi uli chikhalire," anatero apongozi. "Chachimuna palibe apa."

Kenako anachotsa kamphika, anagwada, n'kuika khutu pamsana pake, kumvetsera nthawi yaitali. Anamufunsa ngati khasu angaligwire tsopano. Iye anati pang'onopang'ono, amama, chisanu chikakula chifuwa chimabwerabe, koma sichindigwetsa ngati kale. Apongozi anadzuka akugwira m'chiuno, n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe, nkhaniyi wayenda nayo mtunda wautali chomene. Chimene ukufuna ndi boma. Pita. Uyu akupuma, atsala ndi ine."

Ndinawomba m'manja, yewo amama, yewo chomene, nkhope nditaigwetsa ngati ndalandira chilango. M'kati ndinkavina. Mnzangayo sanalire, sanatsutse. Anangopempha singano kuti asokenso msoko wa chiguduli chake. Pamene ndinkamanga katundu wanga ndinamva apongozi akumufunsa ngati kakhalidwe kameneko kangathandizenso msana wa munthu wamkulu. Ndinamva ndithu, koma sindinaganizepo kanthu. Mutu wanga unali kale pa shuga.

Tsono boma ndinalipeza. Kachipinda ka malata, mvula ikagwa osamvana. Sopo. Madzi pafupi. Ndinasoka chilundu cha tizidutswa, cha mitundu yonse, akazi a asilikali a boma ankachiyang'ana. Asekulu ako ankadya zophika zanga n'kumanena kuti ndiwo zakoma. Masiku oyambawo ndinkayenda ngati ndalowoledwa kachiwiri.

Nkhalamba ya chimwenye ija inafunsa ndi manja kuti wowonda uja ali kuti. Nditaloza kumwera inapukusa mutu, inakhala ngati yakhumudwa. Patapita masiku inandikodola ineyo. Inanditengera chiguduli changachanga m'sitolo, cha mchere chomwecho, n'kuchipinda. Ndinati lero bango la m'dambo ndine. Inandikhazika chakumphepete, ndipo zoona, mawondo anatsikako, ngakhale sanafike pansi. Miyendo ya khasu ndi youma. Inapinda nsanza n'kundiikira pansi pa bondo lililonse. Inaika chikhatho kumunsi kwa msana wanga n'kukankha pang'ono, dzanja lina likukoka tsitsi la paliwombo ngati ikuzula chinangwa. Inatsitsa mapewa anga, amene anali atakwera. Msana unaima. Ndinaumva ndithu ukuima, chifuwa chikutseguka ngati chitseko. Kumbali ya msana ndinakhoza, lemba zimenezo.

Chinandikanika ndi pakamwa. Iwe ukundidziwa. Ndikangotseka milomo, nkhani zonse za dziko zinkabwera. Ndinkakumbuka kuti nyemba sindinaviike. Ndinkafuna kufunsa nkhalambayo ngati kwawo kuli ng'ombe, nanga poti sadya nyama amaziwetera chiyani. Ndinkamva makina a asekulu ako ayamba kulira pakhonde, ndiye ndinkafuna kudziwa kuti mawu achikazi akuseka pamenepowo ndi a ndani. Ndinkatsegula diso limodzi kuyang'ana pa bango ngati pali munthu akusuzumira. Nkhalambayo inkanditsina milomo ndi zala zonunkha adyo, kuigwira pamodzi ngati ikutseka thumba. Ikangosiya, ine ndayamba. Za mphuno imodzi zija sitinafikeko n'komwe. Tsiku lina inaseka mpaka kutsokomola, n'kunena m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti ine pakamwa pambiri. Chiguduli inandipatsa ndithu, koma sinandikodolenso.

Ndipo pa bango paja sipanaime munthu. Ndinkayang'ana m'mawa uliwonse. Asekulu ako ankatsuka m'kamwa kutsogolo, kumsewu.

Kenako ndinaona chinthu china. Munthu uja amene, ine ndili kumudzi, ankabwera pokhapokha pakagwa maliro, anayamba kubwereka njinga ya mmwenye Loweruka lililonse sitolo ikatsekedwa. Akuti akukaona msana wa amayi awo. Msana umenewo unali ukuwawa chibadwire iwo, sanaupalasirepo njinga. Ankabwerako Lolemba, fumbi mpaka m'nsidze, nkhope yosalala ngati mwana wodya uchi. Ine wanga anali mwamuna wa masiku a ntchito, wotopa, mapini kukamwa, maso pa nsalu za eni. Wa Lamulungu, wosamba, wocheza, wokhala pansi pa mtengo, anali wa mnzanga.

Ndinapita nawo ulendo wina, nditakwera pa keliyala, matako kuwawa njira yonse. M'mawa mwake ndinadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Ndinawapeza awiri, mkazi mnzanga ndi apongozi, aliyense pa chiguduli chake, atayang'ana kum'mawa. Apongozi amene ndinawalimira zaka zonse zija, amene ndinkawatikita msana ndi mafuta a nsatsi manja mpaka kutentha. Anali atakhala pambali pa kamkazi kaja ngati mwana wa sukulu, kabotolo ka fodya katayikidwa patali. Ndipo chapatali pang'ono, pa chitsa, asekulu ako atagwira mpini wa khasu ndi kasemasema, ngati akusema. Pa mpini umenewo sipanagwe ngakhale kachibenthu kamodzi.

Ndinaima pamenepo ndi chilundu changa cha mitundu yonse. Palibe anacheuka. Ndinatsokomola. Apongozi, maso ali chitsekere, anati, "Mkamwana, ndapota, ukayankhule kutsogolo."

Mwina ukuganiza kuti ndinapempha kubwerera kumudzi. Ndikanayamba bwanji? Boma ndinalipempha ndekha, pamaso pa nkhokwe. Ndinakhala komweko mpaka maso a asekulu ako analeka kuona bowo la singano, makina n'kugulitsidwa. Amayi ako anabadwira m'kachipinda kameneko. Shuga ndinamwa, ndi amene anandimaliza manowa. Mnzangayo ankalima mizere yake yochepa, kupumula, kulimanso, ndipo nkhokwe sizinachepe kwenikweni, poti apongozi anayamba kutuma ana a alamu kuti azimuthandiza. Ine sananditumirepo munthu.

Titabwerera kumudzi tonse tinakhala zitseko zoyang'anana zaka zambiri. Sitinamenyanepo. Ana ake ndinawalera, anga anawalera. Ndikadwala ankandiphikira phala. Koma m'mawa uliwonse ndikatuluka ndi tsache, uyo ali kuseri kwa nkhokwe, tsitsi likuyera chaka ndi chaka, msana uli womwewo. Ine ndinayamba kupindika pang'onopang'ono ngati chikwakwa. Ku tchalitchi alendo ankayesa kuti iye ndi mwana wanga wopeza, pomwe tinkasiyana zaka zochepa chabe. Tsiku lina anandiuza kuti akulu, bwerani tizikhala limodzi, sikuchedwa ayi. Ndinamuyankha kuti ndili ndi ntchito. Ndikanakhala pambali pake kuti anthu aziyerekeza?

Chigudulichi si chija cha mmwenye, chija chinadyedwa ndi chiswe kalekale. Ichi ndi cha feteleza wa fodya wa amalume ako. Koma kapindidwe ndi komweko, ndipo chimathandiza, izo sindikana. Ndikakhala chakumphepete chonchi m'chiuno mumapepuka, mpweya umafika pansi. Nthawi zina pakakhala palibe munthu ndimayesa kutseka pakamwa. Nkhuku ikangodutsa ndayamba kuikalipira.

Mnzangayo anatsogola, chaka chija cha mvula yochedwa. Mphumu yomweyo ndi imene inamutenga, nyengo yachisanu, koma itamudikira mpaka ukalamba. Ndinamusambitsa ndine, poti ndinali mkulu wake. Anyamata atabwera ndi bango kudzayeza kutalika kwa bokosi, ndinaona bangolo, lalitali ngati la mtsikana wongolowoledwa kumene. Anamugoneka m'bokosi mosavuta, woongoka, khosi lija lili chomwecho. Amayi ena anati taonani kukongola kwake, ngati wangogona. Ine ndinalira kuposa onse, ndipo misozi ina inali ya chisoni ndithu.

Anamuika pambali pa asekulu ako, kudzanja lamanzere. Kumanja anandisungira ine, malo a mkazi wamkulu, amenewo palibe angandilande. Koma mudzavutika nane. Mudzachita kundikankha mawondo kuti chivundikiro chitseke, ndipo ndikakafika uko ndikawapeza awiriwo atakhala kale, iye pa chiguduli chake, asekulu ako pa chitsa ndi mpini wawo. Wapindikanso iwe. Wongola msana.